Mayi a Tamanda afunditsa nsato

Moni nonse pabanja.

Mukukumbukira kansato kaja mwana wathu Tamanda anabwera nako kuchokera ku Willowvale, bwana wake atakasiya m'katoni posamuka? Ndi kamtundu koweta, kalibe ululu, ndipo kakaopa kamangodzipinda ngati mpira. Ndinakakhomera bokosi lagalasi, Tamanda n'kuikamo mbale yamadzi, pobisala ndi kagetsi kotenthetsa. Mayi ake analumbira kuti m'chipinda chomwe tinaikamo bokosilo sadzapondamo.

Lero magetsi azima m'mawa, ndiye kuzizira kwa Juni kuno ku Glen Norah mukukudziwa. Tamanda anandiimbira ali kuntchito, akulira: "Adadi, kakazizidwa kafa!" Ine ndinali pamzere wamadzi kumjigo. Ndinasiya zigubu n'kuthamanga.

Ndapeza mayi ake atagwada pafupi ndi bokosi. Anali atatenthetsa madzi pagasi, kuthira m'mabotolo, n'kukulunga ndi chitenje chawo cha kutchalitchi, chija salola aliyense kuchikhudza. Mabotolowo anawaika okha m'bokosimo. Kansato kanatuluka pang'onopang'ono n'kudzizinga pachitenjepo.

Ndinati, "Mayi, si paja munkati izi n'zaufiti?"

Iwo anati, "Ufiti umamva kuzizira? Mwana wanga asabwere kudzapeza maliro."

Abale, ndakhala nawo zaka zambiri mayi amenewa, koma lero ndawapatsa ulemu wina.

Azakhali a ku Budiriro, munati simudzabweranso kwathu kansato kakadalipo. Alamu anu alowamo m'chipinda muja. Nanga inu mukuti bwanji, Lamlungu tikudikireni?