Bwato la mangwana

Amuna anga sanali aulesi. Ndiyambe ndi mawu amenewa chifukwa anagona kale ndipo sangadziyankhire. Mono woluka iwo unkagwira milamba ngakhale pamalo pamene ena alephera, ndipo mphasa zawo zinkatha zaka zisanasosoke. Koma anali ndi liwu limodzi la Chisena, chiyankhulo cha kwawo, limene mpaka lero ndikalimva mutu umandiwawa. Liwulo ndi mangwana, kutanthauza mawa.

Tinkakhala m'mphepete mwa dambo la Ndindi, kumunsi kwa Nsanje. Inali nthawi imene amuna anali atangobwerako ku mtengatenga wa kunkhondo, njanji itadutsa kale kwathu, sitima za pamadzi zikusowa pa Shire. Kumtunda tinkalima mapira ndi thonje pang'ono, koma chimene chinkatipulumutsa chaka ndi chaka linali dimba la mayi anga, pa kachilumba ka m'kati mwa dambo. Mayi atamwalira linatsala m'manja mwanga. Kumtunda kwake kunali kachulu kamene madzi sankafikako, ndipo pamenepo mayi anabzala nthochi ndi mizimbe ndi manja awo. Ndinakulira pansi pa nthochi zimenezo, ndikuingitsa mbalame.

Amene sanalimepo dimba lotere sadziwa kuti ulimi wake ndi wotsata madzi. Mvula ikatha, madzi amayamba kubwerera kumtsinje, n'kumasiya matope akuda. Pamene pauma lero umabzala lero lomwelo, chimanga, maungu, kholowa wa mbatata, kenaka umatsikira pamene paume mawa. Ukachedwa, dzuwa lathu lino silinyengerera munthu: dothi limauma gwa, n'kung'ambika ming'alu yoti phazi la mwana kulowa. Ndipo kuchilumbako sungapiteko wapansi, chifukwa pakati pali madzi akuya ndi ng'ona zake.

Bwato tinali nalo, losema apongozi anga aamuna, amene anali mmisiri wodziwika kuyambira kwathu mpaka kutsidya kwa Apwitikizi. Mvuu inaliphwanya lili chimangire pa dooko. Amuna anga sanadandaule n'komwe. Anati asema lina loposa pamenepo, ndipo ine ndinawakhulupirira, poti mwana wa mmisiri. Anapita kunkhalango ya kuphiri, anagwetsa mtondo waukulu, anausema kunja, anayamba kuukumba m'kati. Ine ndinafulula mowa wa mapira, amuna a m'mudzi anadzaukoka ndi zingwe ndi nyimbo mpaka kuseri kwa nyumba yathu. Tsiku limenelo ndinavina. Ndikanadziwa ndikanasunga mapira anga.

Chimene chinatsala chinali kupepukitsa nthiti za bwatolo ndi pansi pake, kuti lisalemere pamadzi. Anthu odziwa ankati imeneyo si ntchito yothera mwezi. Amuna anga anafunditsa mtengowo masamba a mgwalangwa kuti usang'aluke ndi dzuwa, anaima patali, anauyang'ana, n'kunena kuti, “Mangwana.”

Zifukwa zawo sizinkatha, ndipo chilichonse pachokha chinkamveka chanzeru. Poyamba mtengo unali wauwisi, uyambe watsanula madzi. Kenaka unauma kwambiri, tidikire mvula iufewetse. Mvula itabwera, anati munthu sasema m'matope. Kasemasema wawo anali wobuntha, ndiye ankamunola. Ndikunena zoona, sindinaonepo chitsulo chonoledwa ngati chimenecho. M'mawa uliwonse ankakhala pa mwala n'kumanola, kuyesa pa chikhadabo, kunolanso, kenaka ankachipachika patsindwi n'kupita kukaonjola mono. Pobwerako ankakonza khola la nkhuku losawonongeka, kapena kuyamba mphasa ina pamene tinali nazo kale zongopinda pakona. Munthu ankatopa ndithu, thukuta kamukamu, koma kuseri kwa nyumba sankadutsako.

“Bambo a mwana, madzi ayamba kutsika,” ndinkatero.

“Nkhabe kuthamanga, mayi, palibe chothamangira. Kuona maso a nkhono n'kudekha.”

“Nkhonoyo tidya?”

Ankangoseka. Chimene chinkandipsetsa mtima kwambiri chinali kuseka kumeneko, chifukwa munthu wofatsa sungakangane naye. Umangolalata wekha ngati wamisala, anansi n'kumati mkazi uja ndi wolongolola.

Chaka choyamba ndinkapempha malo m'mabwato a anthu. Koma nthawi ya madimba bwato lililonse limakhala ndi eni ake, makasu awo, ana awo, mitolo ya kholowa. Ankandinyamula akafuna, ndipo ndinabzala mochedwa, n'kukolola zochititsa manyazi. Chaka chachiwiri mayi wina anandiyankha pa dooko, anthu akumva, kuti, “Inu mkazi wa mmisiri mukusowa bwato? Lija la mangwana silinafike?” Ndinabwerera kunyumba khasu lili paphewa ndipo chaka chimenecho dimba linagonera. Mapira atatha m'nkhokwe tinadya nyika, mizu ya m'madzi ija imene anthu amakumba pa njala, ife tili ndi munda wonona kutsidya. M'bwatomo nkhuku yanga inaikira mazira n'kuswa anapiye.

Chaka chachitatu, mapira akuyamba kucha, malume anabwera. Ndiwo anali mwini mbumba, munthu wosakonda phokoso. Anakhala pamphasa, imodzi mwa zambiri zija, n'kundiuza mofatsa kuti mng'ono wanga, mwana wa mayi aang'ono, ali ndi ana ambiri ndipo dimba lake n'laling'ono. Munda wa mbumba sungagonere kawiri anthu akudya nyika.

“Sindikukulanda, mwana wa mlongo wanga,” anatero. “Madzi akatsika, ukapezeka pamenepo ndi khasu, ndi pako. Koma dothi likayamba kuuma iwe kulibe, ndimuuza mng'ono wako abzale. Ndipo wabzala wabzala.”

Anatembenukira kwa amuna anga. “Akamwini, mwamva? Paja zengerezu adalinda kwawukwawu.”

“Pyadidi, malume, zili bwino, ndamva,” anayankha amuna anga mwaulemu wonse. Anawaperekeza malume mpaka kunjira, anabwerako, anatsitsa kasemasema patsindwi, n'kukhala pa mwala uja kuyamba kunola.

Masiku ankapita. M'mawa ndinkaona mabwato akulowa m'bango, akazi anzanga atakhala pa mitolo ya mbewu, ine ndili pa dooko ndi mtsuko. Mzere wa madzi pa mapesi a bango unkatsika ndikuona. Ndinayesa kunyengerera, ndinayesa kulira, ndinayesa kukhala chete. Tsiku lina ndinawaphikira ndiwo zopanda mchere dala, ndipo anadya n'kuthokoza.

Ndiye m'mawa wina, iwo atapita ku mono, ndinakwera pa mtondo wosinjira n'kutsitsa kasemasema. Kwathu sikunamvekepo mkazi wosema bwato, ndipo ine sindinkadziwa ngakhale kagwiridwe kake. Ndinachotsa masamba owola aja, ndinapirikitsa nkhuku, ndinasesa zitosi, ndinalowa m'bwatomo n'kumenya nthiti ya kumanzere ndi mkwiyo wa zaka zonsezo. Chitsulo chonoledwa zaka ziwiri chinalowa ngati m'dzungu. Chinabenthula chibanthu chachikulu, chokhota, n'kusiya bala lonyansa. Ndinamenyanso. Akazi amene ankasinja pafupi anasiya misi yawo n'kubwera kudzaonerera, manja ali pakamwa.

Kugogodako kunamveka mpaka ku dooko. Amuna anga, amene sindinawaonepo akuthamanga chikwatirane, anafika ali wefuwefu, nsomba atazitaya m'njira.

“Mayi! Mukupha bwato! Lekani!”

“Bwato lake liti? Ine ndikuona khola la nkhuku.”

“Simudziwa pyenepi, muboola!”

“Ndiboole kumene. M'mawa uliwonse ndizisema chonchi. Likakana kukhala bwato likhala nkhuni, koma kuseri kwa nyumba yanga lichoka.”

Anandilanda kasemasema. Anagwada, anasisita bala lija ngati la mwana wawo, n'kunena kuti angosalaza pokhapa pamene ndawononga, zinazo mangwana. Anasema pang'ono. Anagogoda nthitiyo ndi chala, khutu ataligunditsa ku mtengo, kumvetsera kukhuthala kwake. Anasemanso. Pamene anasalaza panaoneka popyapyala kuposa pambali pake, ndiye anasunthira pambalipo. Ine ndinangobwerera m'mbuyo mwakachetechete n'kuwakodola akazi aja kuti achoke. Dzuwa linafika pamutu chitsulo chikulirabe.

Nditawapititsira madzi akumwa, anayankhula osandiyang'ana. Anati bambo awo ankawalola kugwetsa mtengo, kusema kunja ndi kukumba m'kati, koma ikafika nthawi yopepukitsa ankawalanda chitsulo n'kunena kuti choka, uboola. Mpaka mkuluyo kumwalira, iwo anali asanapepukitsepo bwato ndi limodzi lomwe. Mudzi wonse unkayembekeza bwato la mwana wa mmisiri, ndipo malinga ngati mtengowo unali chifundire, panalibe amene akanati walephera.

Ndinawamvera chisoni, sindikana. Koma mkwiyo unaposa chisonicho. Zaka zonsezo munthu ndikugona naye mphasa imodzi, ana akudya nyika, osatsegula pakamwa kunena kuti ndikuopa! Akanatero tikanaitana mmisiri wina wa kutsidya kuti adzaime pambali pawo. M'malo mwake mantha awo anawaveka nsalu ya kudekha, ine n'kumalimbana ndi ulesi umene panalibe. Kuyambira pamenepo, ndikaona munthu akunola chitsulo chakuthwa kale, sindifunsa kuti ayamba liti, ndimafunsa chimene akuopa.

Ndipo anabooladi. Chakutsogolo, chitsulo chinapyola n'kusiya kabowo kolowa chala. Anaima, nkhope itagwa, kudikira kuti kaya thambo ligwe. Kenaka anasema kachikhomo, anakakhomerapo, anamata ndi phula la njuchi. Ntchito yonseyo inatha msanga kuposa kuwiritsa mbatata. Chinthu chimene chinatidyetsa nyika chinali chimenecho, ndipo ndinachita kuchokapo kuti ndisanene mawu oipa. Bwato lonse linatha mwezi womwewo usanafe. Linali lopendekera pang'ono kumanzere, kumene ndinamenya ine, koma pamadzi linayandama bwinobwino.

Tinaoloka m'mawa, iwo akupalasa monyadira, akupereka moni kwa aliyense. Titatuluka m'bango ndinaona nthochi za mayi, ndipo pansi pake chimanga chobiriwira chofika m'mawondo. Mng'ono wanga anali ataweramira m'mizere, mwana ali kumsana. Atatiwona anaimika khasu.

“Akulu, malume anadikira mpaka dothi litayamba kung'ambika,” anatero, maso ali pansi. “Ine sindinapemphe.”

“Ndikudziwa. Wabzala wabzala.”

Sindikanamukwiyira, ndiponso malume sananame. Kachulu konse ndi mbali ya kumtunda zinali zitapita. Chotsala chinali kachigawo ka kumunsi, kamene madzi anali atangokasiya, matope ake akunyezimira. Mng'ono wanga anathyola mzimbe pa phata la mayi n'kundipatsa ndi manja awiri, monga amapatsira mlendo. Pamenepo misozi inandigwa.

Amuna anga anayenda m'matopemo, anatapa dothi, analifinya m'manja n'kugwedeza mutu mokhutira.

“Chinyontho chilipo chambiri, mayi. Lero tangoona malo. Mangwana tilawirire ndi kholowa.”

Ndinabwerera ku bwato, ndinavundukula mphasa imene ndinakhalira poolokapo, n'kutulutsa mtolo wa kholowa ndi makasu awiri. Limodzi ndinawaponyera pamapazi, ndipo sindinasamale ngati liwatema chala. Tinabzala mpaka dzuwa kupendeka.

Matendawo sanawathere, koma ine ndinali nditadziwa mankhwala ake. Denga likayamba kudontha iwo n'kuti mangwana, ndinkakwera n'kumangapo mtolo umodzi wa udzu mokhotakhota, ndipo lisanalowe dzuwa ankakhala ali pamwamba akukonza, akung'ung'udza za akazi owononga zinthu. Ana anga ndinawaphunzitsa zomwezo, kuti ntchito ikakuopsa uyambe ndi pamene dzanja lafika, ngakhale moipa, chifukwa choipa chimakonzeka koma chofundira masamba chimangodikira chiswe.

Kachigawo ka kumunsi kaja kanatidyetsa zaka zambiri, ndipo bwato lopendekeralo linakalamba nafe. Koma kuti ndifike pamunda wangawo, njira inkadutsa pa kachulu. Chaka ndi chaka ndinkadutsa pansi pa nthochi zimene ndinakulirapo, khasu lili paphewa, n'kupereka moni kwa eni ake. Mng'ono wanga anali wamtima wabwino, mkoko ukapsa sankandiiwala. Nthochi za mayi anga ndinkadya zopatsidwa.