Namondwe wa Achemwali

Ndikukumbukira nyumba yathu ya ku Magomeni, kunja kwa Malawi, momwe fungo la mandasi a mayi linkalowerera mpaka mu yunifolomu yanga. Ndinali kamtsikana ka pulaimale pamene achemwali anga, a Tiyamike, ankaphunzira zanyengo ku yunivesite.

Tsiku lina akusenda chinangwa anatifotokozera za zibaluni zomwe zimaulutsidwa ndi timakina toyeza mphepo ya kumwamba, kupitirira mitambo. Anati mphepo imeneyo ikamakokana ndi ya pansi, namondwe amathyoka asanakule. Koma chaka chimenecho mphepo ziwirizi zinkayenda mogwirizana, nyanja nayo itatentha, ndiye mwina anamondwe achuluka, mvula yake n'kufika kwathu ku Nsanje.

Mayi anatola zonse, n'kusiya mwina yekhayo. Lamlungu, pa mapemphero a Amalawi, anaimirira nthawi ya umboni n'kulengeza kuti mwana wawo wa ku yunivesite waona chigumula. Madzulo anaimbira foni amalume kumudzi kuti asadzale munda wawo wa kuchigwa, m'mbali mwa Shire. Amalume anamvera, poti mwana wophunzira sanganame.

Dzinja linadutsa mwaulemu. Anansi a amalume anakolola nkhokwe zodzaza, iwo atangodalira kamunda ka miyala ka kumtunda.

Kutchalitchi ndinasanduka mng'ono wake wa Namondwe. Bambo wina wokalamba ankatambasula ambulera tikamalowa, dzuwa likuswa mtengo, anthu n'kumaseka chamumtima. Ine ndinkakabisala kuseri kwa thanki ya madzi, nkhope ikutentha ndi manyazi.

Koma manyazi enieni anabwera pa foni. Tonse tinawamva amalume akuyankhula mofatsa: "Mlongo, ana akufunsa kuti namondwe wanu uja afika liti. Akuti mwina abwera ndi ufa."

Achemwali anagwetsa misozi, n'kuyamba kuyankhula m'chinenero cha dziko tinkakhalalo. "Mama, nilisema labda. Ndinati mwina."

M'mawa mwake ndinawaperekeza mayi kukakweza pa basi thumba la chimanga lopita kwa amalume, tonse titazolika.

Masiku ano uthenga wa anamondwe umangolowa pa foni, ndipo ukaphonya palibe amene amatambasulira munthu ambulera kutchalitchi. Achemwali akugwirabe ntchito ya zanyengo yomweyo, amachenjeza anthu osawadziwa popanda mantha. Koma amalume akaimba kufunsa ngati adzale kuchigwa, achemwali foni amandipatsira ine.