Mwera wa mu Disembala

Ndiyambe ndi kuthokoza Mulungu amene wandisunga mpaka imvi, nandilola kulemba poyera zimene kale tinkangonong'onezana.

M'zaka zimene nkhondo ya ku Mozambiki inatseka njanji, ine ndinali msodzi wa maukonde a matchera kwathu ku Mwadzama, komanso mkulu wa mpingo. Katundu wakunja anayamba kuzungulira maiko ena asanafike kuno, ndipo msonkho wa pachipata unakwera. Ife zimenezo sitinkaziona ndi maso. Tinkangoona ulusi wosokera ukonde, palafini ndi mchere zikudula mwezi ndi mwezi. Koma kunena kuti zinthu zadula kunali kunyoza boma, ndipo wonyoza boma ankakwezedwa galimoto, abale ake osadziwa kokamuonera. Choncho kwathu tinapeza mawu ena. Munthu akabwerako kusitolo chimanjamanja ankangoti, "Kuli mwera." Mwera ndi mphepo imene imatiletsa kulowa panyanja miyezi yozizira, ndipo palibe amamangidwa chifukwa chodandaula mphepo.

Za msonkhozo anandiuza ndi mwini sitolo wina wa pa boma, Msilamu, amene bambo ake ndi bambo anga anali pa chinansi. Tsiku lina ndinanyamula mpukutu wa ulusi, nditamva mtengo ndinaubweza msanga.

"Wakuotchani, akulu a mpingo?" anandifunsa akuseka.

"Achimwene, kodi ku Haji mukufuna mupite pamsana pa ife asodzi?"

Anasuzumira pakhomo, natsitsa mawu. "Wallahi, ine sindidyapo kanthu. Ulusiwu ukulipira msonkho wambiri pachipata, akuluakulu akweza. Koma simunamve kwa ine."

Lamulungu lotsatira abusa anandipempha kuti ndipempherere mpingo. Maukonde ong'ambika anali mbwee m'mudzi monse, wanga womwe, ndipo mtima unali wolemera. Ndinatseka maso n'kunena kuti, "Ambuye, Inu amene munadzudzula namondwe panyanja, dzudzulaninso mwera uwu umene wagwira anthu anu, ndipo fewetsani mitima ya okhometsa msonkho." Ameni wake anamveka wofooka, ngati wa anthu asanu. Potuluka, mkazi wanga anandikoka malaya.

"Abambo, mwera mu Disembala?"

Apo m'pamene ndinazindikira. Nyanja inali bata sabata yonseyo. Mawu athu obisalira aja ndinawavula pamaso pa mpingo wonse, ndiponso ndinawonjezerapo msonkho.

Lachiwiri m'mawa anandiitana kwa a tcheyamani a chipani a m'dera lathu. Anakhala pakhonde ndi pepala ndi cholembera, amuna awiri a chipani ovala malaya ofiira ataimirira kumbuyo kwawo. Mpando sanandipatse.

"Akulu a mpingo, ine ndinabadwira panyanja pano," anatero a tcheyamani. "Mwera wa mu Disembala sindinauonepo. Ukuwombera kuti?"

"Mumtima, a tcheyamani."

Mmodzi wa amuna aja anaseka. "Mtima wa madalawa uli ndi kalendala yakeyake."

"Zamphepozo tizisiye," anatero a tcheyamani. "Wailesi sinanene kuti msonkho wakwera. Inu wakuuzani ndani?"

Ndikanatchula dzina, sitolo ija ikanatsekedwa tsiku lomwelo, mwini wake n'kutengedwa. Ndikanati palibe anandiuza, ndikanachita umboni wonama, ine amene ndinkaphunzitsa a m'kalasi ya ubatizo malamulo khumi. Malemba amalonjeza kuti pa ora lotere munthu adzapatsidwa chonena. Ine ndinapatsidwa chochepa kwambiri.

"Ndinamva kwa munthu, koma dzina sindinena. Pakamwa pamene panalakwa ndi panga."

"Mukudziwa kuti pepalali likafika ku boma, mpunga umene mwawokera adzakolola ndi ena?"

"Ndikudziwa."

Analemba mizere ingapo. Ndinkamva cholembera chikukanda pepala, ndipo ndinaganiza za ana anga amene ndinawasiya akupita kumunda osadziwa kanthu. A tcheyamani anali msodzi ngati ine, tinabatizidwa chaka chimodzi, koma pamaso pa amuna aja sakanangondisiya.

"Chabwino," anatero. "Lamulungu muimirire, muuze mpingo kuti mitengo ili bwino, anthu akukhuta."

"Kunama m'nyumba ya Mulungu sindingathe. Koma kukhala chete ndingathe."

"Chete mpaka liti?"

"Mpaka mudzanene ndinu."

Kenaka anapinda pepala lija, osaling'amba, naliika m'thumba la malaya.

"Likhala muno. Ndikadzangomva kuti mwatsegula pakamwa kupemphera pagulu, kaya kumaliro kaya kuukwati, lipita."

Lamulungu ndinaimirira n'kuuza mpingo kuti pemphero lija linayenera kukhala la kuchipinda, ndipo kuti sindidzatsogoleranso mapemphero. Palibe anafunsa chifukwa. Ndinakakhala pa benchi lakumbuyo, ndipo ndinakhala kumeneko mpaka zipani zambiri zitabwera. A tcheyamani sananene konse kuti nthawi yakwana. Mayi anga atamwalira, pamanda anapemphera ndi munthu wina, ine nditaimirira m'gulu ngati mlendo. Chimenecho chinandiwawa kuposa zonse, ndipo sindinganame kuti ndinachilandira mokondwa. Ndinalimbana nacho pamaso pa Ambuye zaka zambiri.

Sitolo ija sinatsekedwe. Mwini wake anakalamba momwemo, nalera ana ake, ndipo anamwalira osadziwa kuti dzina lake linafunsidwa pakhonde paja.

Inu amene mwawerenga, Ambuye akudalitseni. Akupatseni chakudya cha tsiku lililonse, alonde pakhomo pa milomo yanu, ndipo mukadzaimikidwa pamaso pa amphamvu, asakusiyeni nokha. Ameni.