Tsiku Limene Chipewa cha Agogo Chinagwa

Agogo aamuna a nyumba yapakona savula chipewa. Dzuwa liswe mtengo, kaya akuwazula dzino, chipewa chili nga pamutu. Ukawafunsa amati, "Mutu wanga ndi ofesi, sindisiya posatseka."

Mdzukulu wawo wamkazi, wazaka zitatu, anavulala pobadwa mitsempha yochokera m'khosi kupita kumkono. Phewa lamanja ndi louma, mkono umapindikira mkati, sukwera m'mwamba. Kuchipatala anati aziutambasula tsiku ndi tsiku, apo ayi phewalo liumiratu. Koma mayi ake akangougwira, mwana amalira mpaka agalu kuuwa.

Agogo ndiye anatulukira masewera awo. Amagwada pakhonde n'kumunong'oneza kuti, "Chipewachi chimamvera dzanja lamanja lokha. Lamanzere chimaluma!" Mwana amalimbana nacho kuti achigwetse ndi mkono wovulala uja, kuiwala zolira, agogo nawo akuweramutsa mutu pang'onopang'ono mwakabisira.

Tsiku lina, amayi oyandikana nawo akuyanika zovala pabwalo, kamkono kaja kanakwera, kananjenjemera, kanakweranso. Chipewa pansi khu! Dazi linawala ngati mbale yotsuka kumene. Amayi aja anafa nalo phwete.

Agogo anadzambatuka ngati mnyamata, n'kuyamba kuvina, chipewa chawo chomwe akuchiponda, misozi ili chuchuchu.

"Agogo, tsitsi lanu lapita kuti?" anafunsa mwanayo, maso ali tong'o.

"Lisiye tsitsi, mwanawe!" Kenako anatembenukira kwa oseka aja. "Inu amayi, mukutaya maso pa dazi? Lakhalapo kalekale ili. Taonani mkono!"