Kaseti ya Ulusi Wofiira

A telala anali ndi makaseti oposa mazana awiri, ondandalikidwa pa shelefu pamwamba pa makina osokera. Zolembedwa pa makasetiwo sankaziwerenga. Maso awo ankasungira bowo la singano. Kaseti iliyonse ankangoimanga kaulusi: wobiriwira za kutchalitchi, wachikasu zovina, wakuda zomvera kasitomala akawaputa. Zakudazo zinkalira kawirikawiri, poti bambowa sankachedwa kupsa mtima.

Mwini nyumba atawasamutsira m'kachipinda koti ukatambasula mkono umagunda khoma, mwana wawo wamkazi anabwera ndi foni.

"Bambo, izi zikungoweta mphemvu. Nyimbo zonsezi zili m'fonimu."

"Zonse?"

"Zonse. Tiyeni tiyese."

Anatha Loweruka lonse. Mwanayo ankawerenga dzina pa kaseti n'kulilemba pa foni, nyimbo n'kulira pompo, yosakhosomola, yosafuna kuzungulizidwa ndi bolopeni. Kasetiyo n'kuiponya m'thumba. A telala, kukamwa yasa, maso anali pa foni basi. Thumba litadzaza analisenza okha kukalitaya kudzala, akuimba mluzu. Palibe anawakakamiza, ndipo chimenechi n'chimene chimawadya mpaka lero.

Imodzi inali ya ulusi wofiira. Kunja inalembedwa dzina la gulu lina loimba, ndipo foni inalipeza mosavuta. Koma m'katimo munali zina. Kalekale a telala anafufuta nyimbo za gululo n'kujambulamo akazi awo akuimba uku akusita, eni ake osadziwa. Munali nyimbo, kenako kuseka, kenako mawu oti, "Zimitsani chimenecho, bambo inu!" Chimwalirireni mayiwo, mwana ali ndi zaka zitatu, a telala sanaimvetserenso. Ankaiopa. Anaikankhira kumbuyo kwa zinzake kuti asamaione, ndipo anaiiwaladi.

Anaikumbukira patatha milungu itatu, akulowetsa ulusi wofiira m'singano kuti apinde diresi ya kasitomala. Anathamangira kudzala tepi yoyezera ili m'khosi. Anapeza phulusa lokhalokha; zinyalala anali atazitentha kalekale.

Anakhala nayo mumtima nkhaniyo mpaka mwanayo atabweranso kudzawaona.

"Talemba dzina la mayi ako pamenepo," anatero.

Mwanayo anawayang'ana modabwa, koma analemba. Foni inatulutsa oimba ena a dzina lomwelo, achilendo okhaokha.

"Mulibe, bambo. Kodi mayi ankaimba?"

Apo m'pamene anamuuza zonse, maso ali pa nsalu. Mwanayo anaika foni pa tebulo pang'onopang'ono.

"Ndiye kuti mawu a mayi analipo? Zaka zonsezi, m'nyumba mwathu momwe?"

"Analipo."

"Inetu sindiwakumbukira, bambo. Ndimayesetsa, koma sabwera." Anayang'ana manja ake. "Ndipo ndinawaponya m'thumba ndine."

"Si iwe, mwanawe," anatero a telala. "Ine ndikanakulizira kasetiyo kamodzi kokha, ukanaidziwa."