Mlamu Wanga ndi Tsamba la Atelala

Mlamu wanga, mkazi wa achimwene, amakonza masamba a pa intaneti m'kachipinda kuseri kwa sitolo ya nsapato. Ndi munthu wosapirira zinthu zosaoneka bwino. Akaona zilembo zofiira pa chikasu amachita kugwira mutu. N'chifukwa chake zimene anachitira bambo athu zimandikhudza mpaka lero.

Bambo anali telala. Matenda a sitiroko atawamanga lilime, macheza awo onse anatsalira pa tsamba lina la atelala, pomwe ankakangana za makolala ndi mazipi, akulemba ndi chala chimodzi. Tsambalo litatsekedwa, mlamu anatsegulira gululo lina, loyera mbee, lamakono. Anzawo a bambo anasamukirako. Bambo analiyang'ana kamodzi n'kukankhira foni kumapazi. Anayamba kumangokhala duu, maso pakhoma, ndipo tinaopa kuti sitidzamvanso mawu awo.

"Alamu, mwina angotopa nazo," ndinatero.

"Sanatope, asochera," anayankha. "Chala chawo chikufuna pomwe chinazolowera."

Vuto linali loti tsamba lakale linapita osasiya ngakhale chithunzi. Mlamu anayenda m'mashopu a atelala kufunsa mmene linkaonekera. Wina akuti batani lotumizira linali kumanzere, wina akulumbira kuti kumanja, mpaka kutsala pang'ono kuponyerana masizasi. Za mtundu ndiye zinakanikiratu, poti atelala mtundu amaudziwira pa ulusi. Choncho mlamu anabwera ndi bokosi la ulusi pabedi pa bambo, n'kumawaonetsa umodziumodzi. Bambo analoza wobiriwira wina wonyansa, ngati madzi a m'chithaphwi. Mlamu anaugunditsa pa sikirini, n'kumasintha mtundu wa tsamba mpaka zinafanana. Batani lija analiika pomwe bambo analoza. Anabwezeretsanso zilembo zikuluzikulu, mizere yokhuthala, ngakhale kachithunzi kopendekeka ka makina osokera.

"Mukadzangouza munthu kuti ndinapanga ndine, tidana," anandichenjeza. "Makasitomala angandithawe."

Titawapatsa foni, bambo anaiyang'anitsitsa nthawi yaitali. Kenako chala chija chinanyamuka n'kupita chokha pomwe chinazolowera, osafufuza. Analemba pang'onopang'ono. Foni ya mlamu inalira. Uthenga unali utafika pamaso pa atelala onse:

"Ndabwera. Wasoka tsambali ndi mpongozi wanga. Wina atsutse timve."