Funso la Ababa pa Katundu wa M'selo

Chaka changa chachiwiri ku yunivesite ndinalakwa mayeso a bayoloje ya maselo. Anandipatsa mwayi umodzi wobwereza: ndikalakwanso, sukulu yathera pomwepo. Ndinabwerera kwathu ku Chipoka ndi buku lolemera ngati njerwa, mtima uli m'mwamba.

Masana ndinkakhala pakhonde n'kumaloweza mofuula monga tinkachitira ku pulayimale. "Nyukiliyasi ndi chipinda cha m'kati mwa selo. Katundu wopangidwa m'menemo amatulukira pa timabowo. Womunyamula ndi puloteni yotchedwa ekisipotini." Ndinkaimba zimenezi mpaka nkhuku kumandithawa.

Ababa, amene anakalambira padoko akusenza matumba a chimanga ndi simenti, ankakonza njinga chapafupi. Tsiku lachitatu anatopa nane.

"Iwe, wonyamula wakoyo akatuluka, amamuuza ndani kuti atule? Ife padoko kapitawo akapanda kukuwa, thumba unkapita nalo mpaka kumsewu."

"Ababa, izi n'zasayansi," ndinayankha mwamwano ndithu.

"Ndiye kuti sukudziwa."

Ndinapsa mtima chifukwa ankanena zoona. Tsamba la yankho ndinkalidumpha dala, poti linadzaza mivi yoloza uku ndi uku. Ndinalitsegula mokwiya, n'kutsata muvi uliwonse ndi chala. Abale inu, kapitawo analipo! Ndi puloteni ina, dzina lake Ran. M'kati mwa nyukiliyasi Ran amakhala atagwira kanthu kotchedwa GTP, ndipo akakangamira ekisipotini m'pamene katundu amagwirika zolimba. Atatuwo amatulukira limodzi. Kunja kumadikirira puloteni ina imene imachititsa Ran kuphwanya GTP uja. Ran amasintha maonekedwe, onse n'kutayana, katundu n'kutsala kunja. Wonyamula amabwerera chimanjamanja kukatenga wina.

Ndinadzambatuka n'kugwetsa mpando. Ndinajambula zonse pamchenga ndi kamtengo, pakamwa pakuthamanga ngati kondakitala wa minibasi. Ababa anayang'anitsitsa, kenaka analoza ndi chala cha kuphazi.

"Nanga kapitawoyu si watsala kunja? Ulendo winawo ayang'anira ndani m'katimo?"

"Amamubweza, ababa! Pali wina womubweza, ndipo m'katimo amamupatsa GTP watsopano!" Ndinakuwa mpaka amayi anatuluka m'nyumba chothamanga, kuyesa ndaona njoka. Sindinasangalalepo choncho ndi buku chibadwire.

Mayeso aja ndinakhoza. Nditawaimbira foni, ababa anati, "Mutu wotsatirawo ubwere nawo kuno msanga. Usadikirenso kulakwa."